Pampu ya mafuta isagulidwe pulesha isanayezedwe

Pa Mulanje Mission tsiku limayamba msanga. Kusanache bwino, amayi ogulitsa nthochi, mandasi ndi mbatata yophika amakhala atayala kale malonda awo kufupi ndi chipatala, kudikira anthu osamalira odwala komanso ophunzira a pasukulu ya unamwino. Nthawi yomweyo ena amakhala akulongedza zinanazi ndi mapeyala m'matumba kuti akakweze pa Nkhonya, ulendo wa ku Limbe. Ena akulowera ku Chitakale, ena ku Limbuli kukaoda katundu. Geni yonseyi yatsamira pa galimoto zing'onozing'ono zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, monga Sienta, Probox, Vitz, Passo, Mira ndi timalole ta Suzuki Carry, kuphatikizapo njinga zamoto za kabaza.

Galimoto yotere ikafera pa chitunda cha ku Thyolo kapena mumsewu wa Midima, dalaivala amataya tsiku. Mwini katundu amataya zoposa pamenepo, chifukwa chinanazi chakupsa sichidikira makaniko, ndipo peyala lomwe latandala padzuwa limakafika kumsika litafewa, mtengo utagwa. Pa zonse zomwe zimaimitsa galimotozi, chomwe chimafulumira kutchulidwa ndi pampu ya mafuta. Injini ikangokana kulira, wina amagogoda thanki, kutchera khutu, n'kugamula kuti pampu yafa. Mwini galimoto amatapa pa mpamba, amatuma munthu ku Limbe, pampu ina n'kuikidwa. Nthawi zina vuto limatheradi pomwepo. Nthawi zina limabwerera sabata isanathe, kaamba koti chomwe chidadwala sichidali pampu, kapena chomwe chidapha pampu yoyambayo chikadali m'thanki momwemo.

Ambiri mwa eni galimotozi ndi amalonda omwe, ogula ndi phindu la geni kapena ngongole ya banki mkhonde. Masipeya onse ndi ochokera kunja, ndipo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake idathawa. Kugula sipeya mongoganizira masiku ano ndi juga. Chomwe chimasiyanitsa pampu yakufa ndi pampu yonamiziridwa ndi muyeso, ndipo kuyezako sikutenga ngakhale ola limodzi.

Njinga zamoto zambiri za kabaza ndi galimoto zakale zimayendera kabuleta. Mafuta amatsika okha kuchoka m'thanki, kapena kukankhidwa pang'ono ndi kapampu kofooka, injini n'kumayamwa yokha. Zambiri mwa galimoto zomwe zatchulidwazi zilibe kabuleta. Zili ndi ma injector, omwe amakaniko ena amangoti manozo, opopera petulo mu injini ngati nkhungu. Wolima tomato amadziwa kuti sipuleya yosapopedwa mokwanira imangodontha, siifalitsa mankhwala. Injector nayo popanda pulesha yokwanira siipopera bwino.

Pulesha imeneyi imachokera ku pampu. Iyi ndi kamota ka magetsi, kakakulu ngati chitsononkho cha chimanga, komwe kamakhala kali komira mu petulo m'kati mwa thanki. Kunsi kwake kuli kasefa konga kathumba ka nsalu, ndipo patsogolo pake pali sefa ina yogwira tizinyalala tosaoneka ndi maso. M'galimoto zazing'ono zambiri pampu imakankha petulo pa pulesha ya pafupifupi bar 3, kuposa mpweya wa m'tayala la galimoto yomweyo. Pa injini ya 1NZ-FE, yomwe ili mu Sienta zoyamba komanso Probox zambiri, mlingo womwe Toyota idaika ndi pakati pa 304 ndi 343 kPa, kutanthauza bar 3 mpaka 3.4.

Kompyuta ya injini imatsegula injector iliyonse kwa kanthawi komwe yawerengera, pokhulupirira kuti pulesha ili pa mlingo wake. Pulesha ikatsika, petulo wolowa amachepa, injini imafooka. Ikakwera, petulo amachuluka, injini imatsamwa ndi kutulutsa utsi wakuda. Chomwe chimasunga mlingowu ndi regulator, kachipangizo kokhala ndi sipuling'i ndi labala wopyapyala, komwe kamatsegula njira kuti petulo wotsala abwerere m'thanki pulesha ikafuna kupitirira. Pa galimoto zakalepo regulator imakhala pa injini penipeni, yolumikizidwa ndi kapaipi ka mpweya ndi paipi yobwezera mafuta. Pa zambiri zopangidwa kuyambira cha m'ma 2000, imakhala m'thanki limodzi ndi pampu, ndipo ku injini kumangopita paipi imodzi. Makaniko wofunafuna regulator pa injini ya Sienta akhoza kufufuza mpaka dzuwa kulowa.

Pampu yotopa kawirikawiri imachenjeza isanafe. Galimoto imalira bwino ikaima, imayendanso bwino pamalo athyathyathya, koma ikasenza matumba n'kuyamba chitunda imadukiza, ngati ikumanidwa chakudya. Ina imayenda bwino m'mawa kukuzizira, n'kuzima masana itatentha, ikapuma kanthawi n'kuliranso. Ina imafuna kutchaya stata nthawi yaitali isanalire. Kumbuyo kumamveka kulira kwa ng'ii kokwera kuposa kale. Vuto ndi loti zizindikiro zomwezi zimabweranso ndi sefa yotsekeka, mapulagi otha, koilo yofooka, sensa yakuda ya mpweya, kapena madzi mu petulo. Chizindikiro chimangoloza komwe makaniko ayambire, osati chomwe mwini galimoto akagule.

Poyambira pake ndi pa zaulere. Choyamba, m'thanki muli mafuta? Funsoli likumveka ngati lachibwana, koma geji ya galimoto zambiri zakale imanama, ndipo pampu zina zasinthidwapo thanki ili gwa, youma. Kenako khutu: pa Suzuki, Honda, Nissan ndi njinga zamoto za injector, kiyi akangotembenuzidwa magetsi n'kuyaka, pampu imalira kwa masekondi awiri kapena atatu n'kusiya. Apa pali msampha womwe wadyetsa anthu ndalama. Toyota zambiri sizichita zimenezi. Pampu yake imadikira mpaka stata itayamba kuzungulitsa injini. Choncho munthu wotchera khutu pa Sienta kapena Vitz kiyi atangoyatsidwa, n'kupeza kuli zii, sadapeze umboni uliwonse. Ayenera kumvetsera wina akutchaya stata.

Pampu ikakhaladi chete, mlandu sunagwerebe iyo. Magetsi amadutsa pa fyuzi, pa relay, m'mawaya ndi pa soketi ya pamwamba pa thanki asanafike pa mota, ndipo chilichonse mwa izi ndi chotchipa kutalitali poyerekeza ndi pampu. Fyuzi imaoneka ndi maso. Relay imayesedwa poisinthanitsa ndi inzake yofanana nayo m'bokosi lomwelo, monga ya huta. Soketi imatsegulidwa kuona ngati siidachite dzimbiri lobiriwira kapena kusungunuka, zomwe sizisowa kudera la chinyontho ngati Mulanje, makamaka pa galimoto zomwe zidalowa madzi nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023. Makaniko wokhala ndi mita amayeza magetsi pa soketiyo pampu ikugwira ntchito. Ayenera kuyandikira a pa batire. Kusiyana kukafika volti imodzi kapena kuposa, vuto lili m'mawaya kapena pa waya wa efi, ndipo pampu yatsopano ikaikidwa pomwepo idzakhala yofooka chimodzimodzi.

Fyuzi ikamapsa mobwerezabwereza, ndiye kuti pampu ikukoka magetsi opitirira, mwina kaamba ka zinyalala zoikakamiza, kapena waya wina wasupuka n'kugunda chitsulo. Kumangapo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu m'malo mwa fyuzi ndi kuitana moto. Chimodzimodzi chizolowezi cholumikiza pampu dayilekiti ku batire. Relay ilipo kuti injini ikazima, monga pa ngozi, pampu nayo isiye. Pampu ya dayilekiti imapitiriza kupopa petulo ngakhale paipi itaduka galimoto ili chagada, m'kati muli anthu.

Magetsi akapezeka ali bwino, yatsala geji ya pulesha. Chida chimenechi si chodula kuposa pampu imodzi yabwino, koma magalaja ambiri a pansi pa mtengo alibe. M'malo mwake makaniko amazula paipi, wina n'kutchaya stata, petulo akathovoka amati pampu ili bwino, akatuluka mofooka amati yafa. Muyeso wa maso wotere umanyenga. Paipi yotsegula ilibe choitchinga, ndiye ngakhale pampu yotopa imathovola mafuta. Mphamvu yake yeniyeni imaoneka pomwe ikukankha njira yotsekeka. Geji imalumikizidwa pa paipi yopita ku ma injector, ndipo imawerengedwa katatu: injini ikulira payokha, ikupondedwa moto, ndi itazimitsidwa.

Singano ikakhala pa mlingo wake injini ikulira payokha, koma n'kugwa pomwe moto wapondedwa, ndiye kuti mafuta sakufika okwanira. Apa woganiziridwa woyamba ndi sefa, pampu ibwere pambuyo. Pali muyeso wothandizira: pampu za galimoto zazing'ono zambiri zimadzaza botolo la theka la lita m'masekondi pafupifupi 30. Singano ikakhala yotsika nthawi zonse, pakhoza kukhala pampu yotha, sefa yotsekeka, regulator yokanirira ili yotsegula, kapena kapaipi kong'ambika m'kati mwa thanki komwe kakubwezera petulo m'thanki momwemo. Pa galimoto yokhala ndi paipi yobwezera, makaniko amafinya paipiyo kwa masekondi ochepa chabe. Singano ikalumpha, pampu ili ndi mphamvu ndipo wolakwa ndi regulator. Ikapanda kusuntha, vuto lili ku pampu kapena ku sefa. Yofinyidwa ikhale paipi ya labala yokha, chifukwa ya pulasitiki imasweka.

Singano ikapitirira mlingo, pampu ilibe mlandu ngakhale pang'ono. Regulator yakanirira ili yotseka, kapena paipi yobwezera yapindika. Galimoto yotere imamwa mafuta mosadziletsa, mapulagi amada bii, ndipo kumbuyo kumanunkha petulo wosapsa. Kwa wamalonda ili ndi vuto lakuba mwakachetechete, chifukwa galimoto imayendabe, koma pa ulendo uliwonse wa ku Limbe malita owonjezera amachoka pa phindu. Petulo atakwera kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita mu November 2023, kuba kotere kudayamba kupweteka kwambiri.

Regulator ya pa injini ili ndi muyeso wake wosafuna chida. Kapaipi kake ka mpweya kakazulidwa, m'kati muyenera kukhala mouma. Mukapezeka petulo, kapena fungo lake lamphamvu, labala wa m'kati wabooka ndipo injini ikuyamwa petulo kudzera njira yolakwika. Geji ikalumikizidwa, kuzula kapaipiko injini ikulira kumakweza singano ndi pafupifupi theka la bar. Ikangokhala pomwepo, regulator siikumva. Chipangizochi sichikonzedwa, chimasinthidwa, ndipo kuchiphwanya pamutu ndi hamala kuti pulesha ikwere, monga ena amachitira, kumangobisa kufooka kwa pampu kwa masiku ochepa.

Kuwerenga kwachitatu, injini itazima, ndiye kumaiwalika kwambiri. Pulesha siyenera kuthawa nthawi yomweyo. Pa 1NZ-FE iyenera kutsala yosachepera 147 kPa pakatha mphindi zisanu. Ikagwa msanga, pali pomwe pakudontha: kavalavu ka m'pampu koletsa mafuta kubwerera, regulator, kapena injector yosatseka bwino. Ndiye gwero la galimoto yofuna stata yaitali. Injector yodontha imadziwika ndi pulagi imodzi yonyowa, ndipo nthawi zina oilo wa injini amanunkha petulo. Pamenepo kusintha pampu sikungaphule kanthu.

Nanga kompyuta yoyezera galimoto, yomwe eni ake amalipiritsa pongoilumikiza? Imathandiza, koma pa injini zambiri zazing'onozi mulibe sensa yoyeza pulesha ya mafuta, ndiye siingatchule pampu mwachindunji. Imangotulutsa nambala ngati P0171, yotanthauza kuti mpweya wachuluka poyerekeza ndi mafuta. Nambala yomweyo imabweranso paipi ya mpweya ikang'ambika kapena sensa ya mpweya ikada. Dziwaninso kuti injini zina, monga D-4 ya Toyota ndi GDI ya Mitsubishi, zili ndi pampu yachiwiri pa injini yokankha pulesha yochuluka kwambiri. Imeneyo si yotsegula m'mbali mwa msewu.

Pampu ikapezeka yafadi, funso lotsatira ndi loti chaipha n'chiyani, chifukwa m'maiko momwe galimotozi zidachokera pampu imatha zaka zambiri osakhudzidwa. Kuno choyamba ndi kuyendera mafuta a pansi. Petulo yemwe pampu yamiramo ndi yemwe amaiziziritsa ndi kuifewetsa m'kati. Dalaivala wothira malita awiri pa Chitakale, atatu pa Luchenza, nyali ya mafuta ili chiyakire tsiku lonse, amachititsa kuti pampu izimeza mpweya pokhota, m'mabampu ndi pa chitunda. Nthawi iliyonse ikameza mpweya imazungulira youma, imatentha, imaperepeseka. Chifukwa chake n'chomveka: ndalama imabwera pang'onopang'ono, ndipo mwini galimoto amaopa kuti thanki yodzadza ikhoza kupopedwa usiku. Koma galimoto imamwa malita omwewo, kaya singano ili pa kota kaya pansi. Kusunga kota ya thanki kumangofuna kuikamo ndalama kamodzi, n'kumathira pamwamba pake monga mwa masiku onse. Ndi mpamba wogona m'thanki, wochepa kuposa mtengo wa pampu.

Chachiwiri ndi mafuta a m'zigubu. Kuyambira 2022 mafuta akhala akusowa mobwerezabwereza m'dziko muno, ndipo akasowa pa malo omwetsera, amatulukira m'mabotolo ndi m'zigubu m'mbali mwa msewu, kuphatikizapo njira yopita ku Muloza, kumalire ndi Mozambique. Bungwe la MERA limaletsa kugulitsa mafuta popanda chilolezo, koma munthu yemwe zinanazi zake zikupsa amagula pomwe wapeza. Si onse ogulitsa omwe amasakaniza. Komabe chigubu chomwe dzulo mudali madzi kapena mafuta ophikira, fanelo yogona pa fumbi ndi botolo losatsekedwa bwino zimalowetsa mchenga ndi madzi m'thanki ngakhale wogulitsayo ali wachilungamo. Kabuleta imalekerera zambiri mwa izi, ndipo ikatsekeka imatsukidwa ndi manja. Pampu ya injector ili ndi timipata topanikizika, mchenga umaidya m'kati ngati sandipepa.

Nkhani ya madzi ili ndi mbali ina. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, kuyambira 1982 pomwe fakitale ya Ethco idayamba ntchito ku Dwangwa, ndipo PressCane ya ku Chikwawa idadzayamba mu 2004. Kusakanizaku n'kovomerezeka ndipo injini zimayenda nako bwino. Koma ethanol amakoka madzi. Akakhala ochepa amawasungunula n'kupsa nawo mu injini popanda vuto. Akachuluka, ethanol ndi madziwo zimapatukana ndi petulo n'kukhazikika pansi pa thanki, pomwe kasefa ka pampu kamayamwira. Injini imayamba kutsamwa ngati pampu yatopa, ndipo pakapita nthawi dzimbiri limagwira thanki ya chitsulo ndi mota. Mulanje ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri, kuonjezera chiperoni cha miyezi yozizira. Galimoto yomwe chivindikiro cha thanki chidasowa, pakamwa pake n'kumangidwa jumbo ndi mphira, imamwa madzi nyengo yonse ya dzinja.

Kuyesa mafuta a m'chigubu asanathiridwe n'kosavuta. Pang'ono athiridwe m'botolo loyera lowonekera n'kusiyidwa mphindi zingapo. Madzi ndi zinyalala zimakhazikika pansi, ndipo petulo wooneka ngati chifunga ali ndi madzi. Dontho limodzi ligwetsedwe pa pepala loyera: petulo weniweni amauluka osasiya kanthu, pomwe wosakanizidwa ndi palafini kapena dizilo amasiya banga la mafuta. Pothira, fanelo ikhale yoyera ndipo pakhale kansalu kothina kosefera. Zotsalira pansi pa chigubu zisatsanulidwe.

Pa kukonza kwenikweniko, chitetezo chiyambe. Paipi ya injector imasunga pulesha ngakhale injini itazima, ndipo ikazulidwa mwachisawawa petulo amathovokera m'maso. Makaniko wodziwa ntchito amayamba wachotsa fyuzi kapena relay ya pampu, kuliza injini mpaka izime yokha, n'kuchotsa waya wa negetivu pa batire. Ntchito ichitikire panja popita mphepo, kutali ndi mbaula, chiwaya cha tchipisi, wowotcherera zitsulo ndi wosuta fodya. Thanki yotsala pang'ono kutha ndi yoopsa kuposa yodzadza, chifukwa chomwe chimaphulika ndi mpweya wa petulo. Pa galimoto zambiri zazing'ono pampu imafikirika pochotsa mpando wa kumbuyo ndi kachitseko ka pansi pake, pomwe pa zina thanki imayenera kutsitsidwa. Fumbi la pamwamba lipukutidwe thanki isanatsegulidwe.

Pampu ikatuluka, kasefa ka kunsi kamanena zonse. Kakakhala kakuda, komata matope kapena dzimbiri, thanki yonse iyenera kukhuthulidwa, kutsukidwa ndi kuumitsidwa. Kuika pampu yatsopano m'thanki yakuda ndi kuigulira bokosi la maliro. Kasefa katsopano kamayenera kubwera ndi pampu iliyonse, ndipo nthawi zina kusintha iko kokha ndi sefa yaikulu kumabwezeretsa pulesha, pampu yakale n'kupitiriza ntchito. Mota ikhoza kuyesedwa ndi mita, ndipo pa Toyota zambiri iyenera kuonetsa pakati pa 0.2 ndi 3 ohms. Kuiyesa pa batire ili kunja kwa thanki kusapitirire masekondi 10, chifukwa youma imapsa, ndipo kuchitikire kutali ndi petulo. Pobwezeretsa, timalabala tozungulira tomwe timatseka polumikizira tisamalidwe. Kamodzi kakapindika kapena kuiwalika, pulesha imathawira m'thanki ndipo pampu yatsopano imaoneka ngati yabodza. Kapaipi ka m'kati mwa thanki kakhale kopangidwira kumira mu petulo, popeza paipi wamba imafufuma n'kung'ambika.

Pogula pali njira zitatu. Pali chipangizo chonse chochotsedwa pa galimoto ina, chomwe chimabwera ndi regulator ndi geji yake koma palibe wodziwa zaka zomwe chagwira ntchito. Pali mota yokha yatsopano, yoikidwa m'chikombole chakale, yomwe ndi yotchipirapo ndipo imakwanira ngati regulator ndi sefa zili bwino. Pali chatsopano chonse, chomwe ndi chodula. Mayina odziwika monga Denso ndi Bosch amalembedwanso pa mabokosi achinyengo, choncho bokosi lokongola si umboni. Chothandiza ndi kupita ndi pampu yakale kusitolo kuti soketi, kutalika ndi pakamwa pake zifanane, kutenga lisiti, ndi kumvana ndi wogulitsa za kubweza ngati geji ikakana. Kapampu ka kunja ka galimoto za kabuleta, komwe ena amamangirira pansi pa galimoto, sikafika n'komwe pa bar imodzi, ndiye injini ya injector singayende nako.

Kwa akabaza, nkhaniyi ikubwera pang'onopang'ono. Njinga zambiri zomwe zikunyamula anthu pakati pa Mission, Nkhonya ndi pa boma zikadali za kabuleta. Koma dziko la India, kumene Bajaj ndi TVS zimapangidwa, lidakhwimitsa malamulo a utsi mu April 2020, ndipo njinga zambiri zogulitsidwa kumeneko zidasamukira ku injector. Njinga yotere imadziwika ndi kulira kwa pampu kiyi akayatsidwa komanso kanyali ka injini pa dashibodi. Pulesha yake imayandikira ya galimoto, koma pampu yake ndi yaing'ono, kasefa kake kamatsekeka msanga. Imadaliranso batire, moti chizolowezi choyenda ndi batire lakufa podalira kiki sichigwira bwino pamenepa. Wogula njinga ya mtunduwu ayambe wafufuza ngati pampu yake ikupezeka m'masitolo a ku Limbe, komanso ngati pafupi pali makaniko wokhala ndi geji.

Galimoto ikafera panjira katundu ali pamwamba, pali chinthu chimodzi choyesa fyuzi ndi relay zikapezeka zili bwino: wina amenye pansi pa thanki ndi chikhatho kapena nsapato pomwe mnzake akutchaya stata. Mota yomwe makala ake atha nthawi zina imadzidzimuka n'kuzungulira. Ikatero, galimoto isazimitsidwenso mpaka katundu atatsitsidwa, ndipo ipite ku galaja tsiku lomwelo, chifukwa pampu yodzutsidwa ndi nsapato siidzuka kambiri. Ikakana, mwini zinanazi asadikire kuti makaniko abwere kuchokera pa boma. Asamutsire matumba m'galimoto ina, ngakhale zitanthauze kulipira kawiri. Ku galajako mwini galimoto aimirire pomwe geji ikulumikizidwa, alembe nambala yomwe singano yaloza pampu isanachotsedwe ndi ina ntchito itatha, ndipo pampu yakale ndi kasefa kake apite nazo kunyumba.